Mmene timasakira nsapato zooneka bwino za munthu wovala sipulinti kapena kalipa kuno ku Chipata

Mwana wanga wamkazi ali giredi 8, ndipo kuyambira ali ndi zaka 4 amavala sipulinti ya pulasitiki ku mwendo wakumanzere, ija a kuchipatala amaitchula kuti AFO, yoyambira mmunsi mwa bondo kutsika kumbuyo kwa katumba mpaka kukathera kunsi kwa zala. Chaka chatha anamusankha kukhala pa laini pa ukwati wa msuweni wake, ndiye amatironi anati atsikana onse avale tinsapato toyera topyapyala tija topanda zingwe. Anabwera kunyumba, kukhala pa mpando osayankhula mpaka nsima kuzizira, kenako ati amama ine sindivina. Masitepe anali atawagwira kale kuposa anzake ena, mwendo sunali kumupweteka, nkhani inali nsapato chabe. Tsiku limenelo ndinamva kuwawa mumtima, chifukwa zaka zonsezi ine ndinali kungoti bola yalowa, osafunsako mwini wake ngati akuikonda.

Ndiye ndati ndilembe mmene timachitira manje, kaili pa benchi ya ku fiziyo paja, kuchipatala kumene amalimbitsa ziwalo zofooka, timakumana ambiri, amayi obereka ana, azibambo a sitiroko amene phazi limagwa akamayenda, achikulire a poliyo ndi makalipa awo, zitsulo zija zochirikiza mwendo, ndipo funso limakhala lomwelo, nsapatozo munazipeza kuti. Alongo anga aakulu nawonso amavala kalipa yachitsulo kuyambira ali mwana, choncho za pulasitiki ndi za chitsulo zomwe ndaziona pakhomo.

Choyamba, musapite ku msika ndi nambala mmutu. Nambala ya phazi ilibe ntchito apa chifukwa chimene chikulowa mu nsapato si phazi lokha, ndi phazi, sokosi ndi sipulinti pamodzi. Ngati mwini wake angathe kupita, pitani naye atavala sipulinti yake. Ngati sangathe, mwina ndi atate a sitiroko amene kuwakweza panjinga mpaka ku msika wa Kapata ndi chintchito, tengani sipulintiyo mu chikwama mukaiyese yokha mu nsapato, ndipo mutengenso katoni. Katoniyo mumachita chonchi: munthu avale sokosi ndi sipulinti, aimirire pa katoni ataponda ndi thupi lonse, inu muzungulize pensulo itaima chilili, kenako mudule ndi sizasi. Chitani masana kapena madzulo chifukwa phazi limakhala litafufumako poyerekeza ndi mmawa. Jambulaninso phazi linalo pa katoni ina. Mukatero tengani kachingwe muzungulize pamwamba pa phazi, paja pamangidwa lamba wa sipulinti, mpaka kunsi, mumange mfundo pamene chakumana. Kachingwe kameneka ambiri amakaiwala koma ndi kamene kamakuuzani ngati nsapato ili ndi mimba yokwanira, chifukwa vuto kawirikawiri silikhala kutalika, limakhala kuya ndi kutambalala.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine poyamba. Nsapato ikakana kulowa ndinali kungokwera nambala, ikakananso kukweranso, mpaka ndinamugulira yoposa ndi manambala atatu. Nambala imodzi ya UK, imene timagwiritsa ntchito mmashopu athu, imaonjezera kutalika pafupifupi mamilimita 8 ndi theka, ndiye manambala atatu ndi masentimita awiri ndi theka a nsapato yopanda kanthu kutsogolo. Mwana amene kale amavutika kunyamula phazi, mwamupatsanso chimphuno cha nsapato choti chizikoka pansi. Anakodwa pa sitepe ya kalasi, kugwa, kuchubuka bondo ndi chigongono, ndipo anzake anayamba kumutchula dzina chifukwa cha nsapatozo. Masiku ano sindipyola nambala imodzi, ikavuta maningi imodzi ndi theka, ndipo kutsogolo kwa chala chachitali kapena pothera pulasitiki ndimasiya malo okwana chala chachikulu cha kumanja chogoneka, basi. Kumbukiraninso kuti za salaula zambiri zimalembedwa manambala a ku Ulaya, 38, 39, 40, amene amasiyana ndi mamilimita osakwana 7, zina manambala a ku America, ndiye katoni ija ndiyo ikhale nambala yanu.

Mukainyamula nsapato mmanja, musanaone nkomwe mtundu wake, lowetsani zala mkati mukoke kasiponji kopondapo kaja, insole. Ikachoka yonse bwino bwino ndiye mwapeza malo aulere, chifukwa pulasitiki ya sipulinti imakhala mmalo mwake. Ikakhala yomatidwa pang'ono ndi guluu imachokabe mukaikoka mofatsa. Ikakhala yosokedwa, isiyeni nsapatoyo. Amene amavala insole ya kuchipatala yokha, osati sipulinti, naye ndi chimodzimodzi, ya nsapato ichoke ya kuchipatala ilowe, osazisanjikiza ziwiri chifukwa chidendene chimakwera n'kumavuuka poyenda.

Kenako masulani zingwe zonse muone kuti imayasama kufika pati. Nsapato yabwino kwa ife ndi imene maboowo a zingwe amatsika mpaka kufupi ndi zala, ndipo lilime lake limatha kugwera kutsogolo, kukamwa kwa nsapato kukhala yasa. Phazi lili mu sipulinti silipindika pa kakolo, silingalowe motsetsereka ngati mmene timalowetsera enafe, limafuna kutsika kuchokera pamwamba. Nchifukwa chake zongolowetsa zopanda zingwe, mamokasini, tinsapato ta atsikana tosaya tija, ndi maboti opanda zipi zimakana, olo zikalowa zimavuuka. Pa nsapato zachikopa za azibambo yang'anani makutu awiri aja okhala ndi maboowo: pali zina makutuwo anasokedwa kumunsi motsekeka, pali zina ali omasuka mungawatambasule uku ndi uku. Tengani zomasukazo. Zonse ziwiri mukazipaka polishi zimawala chimodzimodzi ndipo pa suti palibe angasiyanitse.

Finyani kumbuyo kwa chidendene ndi zala. Kukhale kolimba komanso kwakuya, kuti kugwire pulasitiki. Pindani nsapato: ipindike pa zala pokha, isapindike pakati ngati patapata. Soli ikhale yotambalala, yokhala ndi mano, chifukwa pulasitiki payokha ndi yoterera ndipo munthu sayenera kuyenda ndi sipulinti yopanda nsapato, maka pa simenti yopaka kobra. Muiyezenso kulemera mmanja, mwendo wofooka umatopa msanga ndi chinsapato cholemera.

Pali chinthu china chimene palibe anandiuza mpaka ndinachita kufunsa, kutalika kwa chidendene cha nsapato. Sipulinti yolimba imagwira kakolo pamalo amodzi, ndipo amene anaiumba anaiumba akuganizira nsapato ya chidendene chokwera mwakuti, kawirikawiri pang'ono chabe, mwina sentimita imodzi kuposa kutsogolo. Mukavala yokwera kwambiri kumbuyo, mwendo wonse umapendamira kutsogolo ndipo bondo limangofuna kugwada. Mukavala yafulati kwambiri, bondo limakankhidwira kumbuyo, n'kuyamba kupweteka. Ndiye funsani amene anapanga sipulinti kuti chidendene chikhale chotalika bwanji, ndipo nsapato zonse za munthuyo, ya kusukulu, ya kutchalitchi, yoyendera, zikhale zofanana pamenepo. Mukagula yatsopano pitani nayo pa tsiku la fiziyo amuone akuyenda. Gogoda ndiye iwalani, ndipo izi ndinamuuza mwana wanga mosabisa, analira koma anamva.

Manje za kumene tingazipeze. Ine ndinene zoona, nsapato zabwino zambiri ndazipeza pa salaula, ku Saturday Market ndi ku Kapata, osati mu shopu. Chifukwa chake nchakuti mmabelo mumabwera nsapato za kumaiko kumene amapanga nambala imodzi mmitundu ingapo ya kutambalala. Tembenuzani lilime muwerenge kapepala kosokedwa kumbuyo kwake. Mukaona W, kapena mawu akuti wide, kapena 2E, kapena 4E, gwirani musaitaye. Pa nsapato za amuna D ndi yamasiku onse, 2E yotambalala, 4E yotambalala kwambiri, pamene pa za akazi B ndi yamasiku onse ndipo D ndiyo yotambalala. New Balance ndi imene imakonda kukhala ndi zilembo zimenezi. Izi zikutanthauzanso kuti mtsikana akhoza kupeza mpumulo pa sinika ya anyamata, chifukwa pa kutalika kofanana ya anyamata imakhala yotambalala, ndipo yoyera kapena yakuda palibe amadziwa kuti ndi ya ndani. Zina zimene zimatiyendera bwino ndi zija zonenepa za anyamata osewera pa skateboard, ngati DC, ndi za basketball zotsika. Makanvasi a Converse amaoneka bwino ndipo amamasuka mpaka ku zala, koma ambiri ndi opanikiza mmbali, yesani kaye.

Kunja kuli nsapato zopangidwira dala anthu ngati athu. Nike inatulutsa FlyEase mu 2015, pambuyo poti mnyamata wina wa ku America, Matthew Walzer, amene ali ndi cerebral palsy, vuto la mu ubongo lolepheretsa munthu kuyendetsa bwino ziwalo, anawalembera kalata mu 2012 kuti amafuna nsapato yoti azivala yekha popanda womumangira zingwe. Zoyambazo zinali ndi zipi yozungulira kumbuyo kwa chidendene. Palinso BILLY Footwear ya ku Seattle, imene zipi yake imayenda mmbali n'kuzungulira ku zala, pamwamba ponse pa nsapato n'kutseguka ngati chivindikiro, phazi mumangoliika kuchokera pamwamba. Kuitanitsa zimenezi ndi ndalama zambiri ndipo simungayese musanalipire, kwa mwana amene akukula ine sindingakulimbikitseni. Koma dziwani maonekedwe ake, sungani chithunzi mu foni, chifukwa za zipi zotere zikhoza kutulukira mu belo ndipo wogulitsa amangoziona ngati sinika wamba. Chithunzicho muwaonetse anyamata ogulitsa. Ine ndili ndi mmodzi amene ndinamusiyira katoni ya phazi la mwana wanga, anaikhoma pa thandala pake, akatsegula belo amayesa yekha, akapeza amanditumizira chithunzi pa WhatsApp. Ndimamuonjezerako kangachepe ka thokotaimu, ndipo wandipulumutsa maulendo ambiri.

Salaula ili ndi misampha yake. Ikani nsapato pamalo osalala muiyang'ane chakumbuyo, maso ali pafupi ndi tebulo. Ikapendama, kapena soli itadyeka mbali imodzi, ndiye kuti yatengera kayendedwe ka mwini wake woyamba ndipo idzapendamitsa sipulinti yanu. Dinani soli ndi chikhadabo ndi kuipinda, zina zimaoneka zatsopano koma zinakhalitsa, mphira wake unafa, mukayenda sabata imodzi imayamba kunyenyeka ngati buledi. Lowetsani dzanja mpaka ku zala mumve ngati muli msoko wotukuka kapena kamsomali. Mukafika kunyumba chapani ndi sopo, yanikani iume gwa musanaipereke kwa mwini wake. Ndipo musanyoze mulu wa zosiyana uja amaika pambali, nthawi zina mumapezamo mtundu umodzi manambala awiri osiyana, zimene kwa ena ndi zotaya koma kwa ife ndiye zenizenizo.

Mu shopu ngati Bata kapena Pep ubwino wake ndi woti nsapato ndi yatsopano, soli ndi yowongoka, ndipo pali pokhala poyesera. Musachite manyazi kuvula, kuchotsa insole ndi kuyesa mapeya asanu. Funsani musanalipire ngati angakusinthireni ikakana, sungani lisiti, ndipo masiku oyamba ayesere mnyumba soli isade.

Za kusukulu ndiye mutu wina. Za atsikana zija za lamba mmodzi ndi bakolo zimakhala zosaya ndipo lamba safika pamwamba pa sipulinti. Ife tinasamukira ku za zingwe, ma Toughees a anyamata, ndipo chaka china pamene nayonso inakana tinagula sinika yakuda bii yopanda mizere. Ndinapita ndekha kwa ahedi ndi kakalata ka ku fiziyo tisanayambe temu, kuti mwana asadzabwezedwe pa geti ndi mapulifekiti. Zambia ili ndi lamulo la anthu olumala la 2012 limene limaletsa kusala munthu chifukwa cha ulumali, kusukulu komwe, koma ine sindinafike potchula lamulo, kukamba mwaulemu ndi kuonetsa sipulinti kunakwana.

Munthu wofunika kwambiri pa nkhani yonseyi ndi shumeka. Pezani mmodzi wodekha, amene amamvetsera, mukhale naye zaka. Wathu amakhala pa khonde la shopu ina kufupi ndi msika, ali ndi kabokosi ka misomali, sungano yake ndi ulusi wopaka phula, ndipo tsiku loyamba anaitembenuza sipulinti kangapo mmanja, kuigogoda ndi chala, kenako ati amai, apa tingotsegula khomo. Zimene amatichitira ndi izi: amadula ulusi kapena lasitiki yogwira lilime mmbali kuti ligwere kutsogolo, amaboola maboowo ena awiri kumunsi kuti zingwe zitsike, amalumikiza lamba wa velkro akafupika ndi kachikopa ka mtundu womwewo, ndipo pa maboti amang'amba mbali yamkati kapena kumbuyo n'kusokerapo zipi yolimba ya chikwama. Zipi ikakhala yakuda pa nsapato yakuda simungaione, ndipo mwana wanga anasankha dala yofiira pa sinika yoyera, anzake amaganiza kuti inabwera choncho. Nsapato yachikopa yothina pang'ono amainyowetsa n'kuiphatika pa chikombole usiku umodzi. Kwa munthu wa sitiroko amene dzanja limodzi siligwira, muuzeni achotse zingwe aike malamba awiri a velkro okhala ndi kamphete kokokera, kapena mugule lasitiki yozungulira kwa atelala muilowetse mmalo mwa zingwe, bola ikhale yokoka mokwanira kuti chidendene chisamasewere.

Koma pali malire, ndipo apa ndikupemphani. Shumeka agwire nsapato, asagwire sipulinti. Osaidula, osaipala, osaiwotcha pa mbaula kuti ifutukuke. Pulasitiki ija inaumbidwa pa mwendo wa munthuyo, ikapindika pang'ono chabe imayamba kudya khungu, ndipo kupeza ina si nkhani ya lero ndi mawa, ena amafika mpaka ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500 pa Great East Road. Ikathina kapena ikasweka ibwerere kumene inapangidwa. Ana ambiri amathandizidwa ku Beit CURE ku Lusaka, chipatala cha ana cha mafupa chimene chinatsegulidwa mu 2006, ndipo poyambira kufunsa ndi ku fiziyo ya chipatala chanu, kaya ku Chipata Central kapena ku St Francis ku Katete.

Chimodzimodzi kukweza soli kwa amene mwendo wina ndi waufupi. Muyezo uchokere kuchipatala, wolembedwa pa pepala mmasentimita, osati wa maso. Shumeka wina tisanapeze wathuyu anangomata chidutswa cha tayala kunsi kwa nsapato ya alongo anga, cholemera, chosongoka mmbali, anayenda nacho masiku atatu msana unagwira. Njira yooneka bwino ndi yong'amba soli pakati mopingasa, kulowetsa mphira wopepuka uja wa mapatapata okhuthala pakati, kenako kubwezera soli yeniyeni kunsi, kupala mmbali kuti zilingane ndi kupaka utoto wofanana. Kutsogolo akupaleko mokwera pang'ono kuti phazi lizigubuduka poyenda. Masiku ano masinika a soli yokhuthala ali mu fashoni, ndiye nsapato yokwezedwa bwino siionekera ngati kale.

Za kalipa ndi zosiyanako. Ya alongo anga ndi ija yachitsulo mbali ziwiri, imene timano take timalowa mu kapaipi koikidwa mkati mwa chidendene cha nsapato. Pamenepa nsapato ndi chiwalo cha kalipa, ndiye sinika ya soli yofewa kapena yamphako mkati siingagwire, imafuna nsapato yachikopa ya chidendene cholimba chosiyana ndi soli. Iwo amagula nsapato kaye, kenako amapita nayo ku wekishopu ya kuchipatala kukaikitsa kapaipiko. Malangizo awo kwa anzawo ndi oti ukapeza ndalama uikitse mapeya awiri nthawi imodzi, yakuda ndi yabulauni, kuti ina ikakhala kwa shumeka usakhale pakhomo, komanso kuti pa maliro, pa tchalitchi ndi ku ntchito usamaoneke ndi imodzimodzi chaka chonse. Thalauzi amasoketsa yotambalala pang'ono kumunsi kuti chitsulo chisamaibowole.

Nanga phazi linalo? Mukagula peya kutengera mwendo wa sipulinti, nsapato inayo imakhala yaikulu. Musafulumire kugula mapeya awiri. Insole ija mwachotsa ku mbali ya sipulinti, isanjikizeni ku mbali inayo zikhale ziwiri. Imadzaza malo, komanso imathandiza kulinganiza miyendo chifukwa pulasitiki imakweza mbali yake pang'ono. Osaika nyuzipepala kapena thonje ku zala, zimaundana n'kuyambitsa matuza. Kusiyana kukapyola manambala awiri ndiye pamafunikadi nsapato ziwiri zosiyana, apo ndi pamene mulu uja wa salaula umathandiza, kapena mupeze mnzanu pa benchi ya fiziyo amene amavala sipulinti mwendo winawo muzisinthana zotsala.

Masokosi musawaone mopepuka. Akhale aatali kupitirira pothera sipulinti kuti muwapindire pamwamba pake, a kotoni, opanda mizere yotukuka, ndipo powavala muwakoke pasakhale khwinya olo limodzi. Ngati msoko wa ku zala ndi wokhuthala atembenuzeni. Masokosi a mpira amagwira bwino ntchitoyi ndipo amabwera mmitundu yambiri, mwana wanga amawafananiza ndi malaya. Mu Okutobala kukatentha amanyamula peya ina mu chikwama n'kusintha pa buleki, chifukwa thukuta mkati mwa pulasitiki limafewetsa khungu. Nthawi ya mvula matope athu ofiira aja amalowa paliponse, ndiye khalani ndi nsapato yachiwiri, yonyowa muidzaze nyuzipepala iume pamthunzi, sipulinti muipukute ndi kansalu ka sopo, osaiyanika pafupi ndi moto. Majombo ambiri amakana kulowa pokhapokha shumeka atawang'amba kumbuyo ndi kuika lamba.

Povala, yambani sokosi, kenako sipulinti, chidendene chikhale pansi penipeni musanamange malamba, nsapato pomaliza. Masulani zingwe mpaka pansi nthawi iliyonse, lowetsani zala mopendeketsa, kenako muzunguze nsapato uku ndi uku mukukankha. Supuni yaikulu ya chitsulo mukaiika kumbuyo kwa chidendene imathandiza kuti pulasitiki itsetsereke osaphwanya nsapato. Nsapato yatsopano isayambe ndi tsiku lonse, ola limodzi kapena awiri kaye, muvule muone khungu. Kufiira kumene kumatha pasanathe mphindi 20 kapena 30 si vuto. Kukakhalitsa, kapena pakatuluka thuza, siyani nsapatoyo mupite akaone. Pa khungu lakuda kufiira sikuoneka msanga, ndiye muzigwira ndi dzanja, pamalo potentha, potupa, powala kapena podera kuposa pena ndi pamene pakudyeka. Kwa odwala shuga ndi ena amene phazi silimva, izi ndi za tsiku ndi tsiku, ndipo azigwedeza nsapato asanavale, kamwala kakang'ono kakhoza kuboola chilonda munthu osamva kanthu.

Amayi a ana obadwa ndi mapazi opindika, tinsapato tija tolumikizidwa ndi kachitsulo timene amapatsa akachotsa pulasitala si toti musinthe ndi tokongola ta mu shopu. Timavalidwa maola 23 pa tsiku kwa miyezi itatu yoyamba, kenako pogona mpaka mwana afike zaka 4 kapena 5, ndipo mukasiya msanga phazi limabwerera. Akayamba kuyenda, masana amavala nsapato wamba, pamenepo mugulireni zokongola mmene mungafunire.

Kubwerera ku ukwati uja. Ndinapita kwa amatironi ndi sipulinti mmanja, ndinawaonetsa kuti mu kansapato kaja singalowe olo titachita bwanji. Anati ndiye tipange bwanji amake mwana, ine ndinati mtundu ukhale woyera womwewo, koma yake ikhale ya zingwe. Tinapeza kanvasi yoyera yotambalala ku Saturday Market titazungulira Loweruka ziwiri, ndipo nthawi ino ndinamusiya asankhe yekha pakati pa zitatu zimene zinalowa, ine ndinali kungoyang'ana soli ndi chidendene. Shumeka anamasula lilime, tinachotsa zingwe n'kulowetsa riboni ya satini yotsala pa madiresi a laini, atelala anadula kachidutswa ka chitenge cha ukwati n'kukamata kumbuyo kwa chidendene mbali zonse ziwiri. Ndinamufunsa ngati afuna diresi yake italikeko kuti ibise sipulinti, anakana, ati ikhale ngati ya anzanga. Anavala masokosi oyera aatali miyendo yonse, ya sipulinti n'kupindira pamwamba. Sabata yonse isanafike tsikulo anali kuivala pa mapulakatisi ola limodzi, tikumayang'ana khungu madzulo, ndipo tsiku lachitatu tinapeza kuti riboni imaterera n'kumasuka akavina, ndiye tinabisa lasitiki kunsi kwake kuti igwire, riboni ikhale ya pamwamba chabe.

Anavina kuyambira pakhomo la holo mpaka kutsogolo, wachiwiri pa mzere. Nsapatozo akali nazo, koma zala zayamba kufika pothera pulasitiki, ndipo ku fiziyo atiuza kuti sipulinti yatsala pang'ono kuchepa. Ikabwera yatsopano katoni ija yokhomedwa pa thandala ku msika idzakhala yopanda ntchito, tidzajambula ina, ndipo sindigula nsapato ya Khisimasi mpaka sipulintiyo ifike mnyumba.